Mkonono wodukizadukiza ndi matenda, tisauseke

MKONONO ndi chinthu chimene ife Amalawi timachiseka. Pamaliro usiku, mkulu wina akayamba kuuliza pambali pa moto, anzake amangokodolana n'kumati awa ndiye afika kale ku Joni. M'basi ya ku Songwe, m'zipinda zogona ana a sukulu, ngakhale m'tchalitchi ulaliki ukatalika, woliza mkonono sasowa, ndipo omuseka sasowanso. Ena amafika ponena kuti mkonono ndi tulo ta munthu wokhuta, wopanda ngongole.

Zoona, mkonono wambiri ndi phokoso chabe. Koma ulipo wina umene tiyenera kuleka kuuseka. Munthu amaliza mwamphamvu, kenaka zii, ngati wina wazimitsa wailesi. Chifuwa chikuyesetsa kukoka mpweya koma mpweya osalowa. Pamapita masekondi 10, 20, nthawi zina mpaka mphindi yathunthu, ndiye munthu uja amadzidzimuka ndi phokoso ngati watsamwa, n'kuyambiranso mkonono. Usiku wonse zimangotero. Kukacha mwini wake sakumbuka kanthu, amangodabwa kuti wagona maola 8 koma thupi lili ngati wachezera kulima.

Amenewa ndi matenda, awerengi. Madokotala amawatcha sleep apnea, ife tingati matenda obanika kutulo. Chithandizo chake chilipo. Chapamwambacho n'chodula ndiponso chosowa kwathu kuno, koma mbali yaikulu ya nkhondoyi munthu akhoza kuiyamba usiku uno osatulutsa ngakhale tambala. Chovuta n'chakuti mbali imeneyi ikukhudza zinthu zimene timazikonda kwambiri: mimba, botolo ndi ulemu wathu.

Chimachitika n'chiyani kukhosi?

Kumbuyo kwa lilime kuli njira imene mpweya umadzera popita m'mapapo. Njirayi ilibe fupa loichirikiza, imakhala yotseguka chifukwa cha minofu basi. Munthu akagona minofu imamasuka, ndipo ngati njirayo ili yopanikizika kale kaamba ka mafuta a m'khosi, lilime lalikulu kapena chibwano chobwerera m'mbuyo, imafinyika ngati paipi yofewa ukaiyamwa mwamphamvu. Ikafinyika pang'ono minofu imanjenjemera, ndiwo mkonono umenewo. Ikatsekeka kotheratu mpweya umaima, okosijeni amatsika m'magazi, ndipo ubongo umamudzutsa munthu kwa kanthawi kochepa zedi kuti atsegule khosi. Mtima umagunda mofulumira, magazi amathamanga. Kenaka tulo, kenaka kubanika kwina.

Ulipo mtundu wina wa matendawa pomwe khosi lili lotseguka koma ubongo ndiwo umadukiza kutumiza uthenga woti munthu apume. Umenewu umapezeka kwambiri mwa odwala mtima, ndipo ndi wosowa. Wofala ndi wotsekeka khosiwu.

Achipatala amawerenga kuti munthu wabanika kangati pa ola limodzi la tulo. Kasanu mpaka ka 14 ndiye kuti matenda ndi ochepa, ka 15 mpaka ka 29 ndi apakatikati, ndipo kuyambira ka 30 ndi aakulu. Tachulukitsani nokha: ka 30 pa ola, maola 7, ndiye kuti munthu wadzutsidwa koposa ka 200 usiku umodzi. Angadzuke ndi mphamvu wotereyu?

Masana zizindikiro zake ndi kudzuka ndi mutu, kukamwa kouma gwa, kusinza paliponse pamene wakhala pansi, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga. Usiku munthu amadzuka kawiri katatu kukataya madzi. Abambo ambiri mphamvu za m'nyumba zimachepa, n'kumathamangira gondolosi pomwe vuto lili kukhosi. Amayi nawo sawasiya, makamaka akasiya kusamba kapena akakhala oyembekezera, ngakhale iwo kawirikawiri amadandaula za kutopa, mutu ndi kusowa tulo. Ndiye pali ena amene akadzidzimuka usiku akubanika amati afiti amawakhala pachifuwa, n'kukataya ndalama kwa sing'anga.

Si matenda a anthu ochepa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2019 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali nawo padziko lonse, ndipo 425 miliyoni mwa iwo ali ndi apakatikati kapena aakulu. Ambiri sadziwa n'komwe.

Zikutikhudza bwanji ife a m'tauni?

Choyamba ndi BP. Mtima umene ukudzidzimutsidwa kambirimbiri usiku uliwonse supuma, ndipo m'kupita kwa zaka magazi amayamba kuthamanga usana ndi usiku womwe. Matenda obanika kutulo amayendera limodzi ndi BP, sitiroko, kugunda kwa mtima kosalongosoka ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Munthu amene akumwa mankhwala a BP mitundu itatu mokhulupirika koma BP osatsika, madokotala amalangiza kuti afufuzidwe mmene amapumira kutulo.

Chachiwiri ndi msewu. Ife a geni moyo wathu uli m'basi ndi m'malole: M1 usiku, ulendo wa ku Dar es Salaam, ulendo wa ku Johannesburg. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Dalaivala akasinza masekondi 4 okha, basi yayenda mtunda wonga bwalo la mpira wamiyendo popanda woiyendetsa, inu ndi katundu wanu muli momwemo. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana anapeza kuti dalaivala wa matendawa amene sakulandira chithandizo amachita ngozi kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi anzake. N'chifukwa chake mu 2014 bungwe la European Union linaika lamulo loti wodwala matendawa amene amasinza masana aonetse kuti akulandira chithandizo kuti akhalebe ndi laisensi.

Chachitatu ndi thumba ndi mutu. Wa geni wosinza pabenchi ku Limbe kapena ku Tsoka, kasitomala amamudutsa, chenji amaphonya. Mwana wa sukulu naye zimene wawerenga masana zimakhazikika m'mutu ali m'tulo tabwino. Tulo todukaduka ndi dengu lobooka, uthiremo zingati sizikhalamo.

Wakutsina khutu ndi mnansi

Matendawa mwini wake sawaona. Amene amawaona ndi mkazi wake, mwamuna wake, kapena mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuhositelo. Pamenepa ndi pamene ulemu umatipweteka. Mayi akuopa kuuza bambo a m'nyumba kuti amabanika usiku, poopa kuti ziwamvekera ngati chipongwe. Bambo nawo akauzidwa amati ine sindiliza mkonono, mukundinamizira. Mapeto ake wina amasamukira pabalaza, matenda n'kumakula.

Masiku ano umboni ndi wosavuta. Foni ili m'thumba. Jambulani mawu kapena kanema kwa mphindi 10 munthuyo ali m'tulo, mum'mvetsere m'mawa mwaulemu muli awiri. Ambiri akadzimva okha akubanika ndi pamene amakhulupirira.

Mu 2008 madokotala a ku Toronto m'dziko la Canada, motsogozedwa ndi Frances Chung, anakonza mafunso 8 otchedwa STOP-BANG amene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito. Kodi mumaliza mkonono waukulu, womveka chitseko chili chotseka? Mumatopa kapena kusinza masana? Alipo amene anakuonani mukuleka kupuma kutulo? Muli ndi BP? Ndinu wonenepa kwambiri, monga munthu wamtali mamita 1.7 wolemera makilogalamu oposa 100? Mwapitirira zaka 50? Khosi lanu likuposa masentimita 40, kapena tinene kuti kolala ya shati ya saizi 16 kupita m'tsogolo? Ndinu mwamuna? Mukayankha inde katatu kapena kuposa, kaonaneni ndi achipatala. Mukafika kasanu, musazengereze.

Kuchipatala musangoti thupi likuphwanya, angakupatseni panado n'kukubwezani. Nenani mosabisa kuti ndimaleka kupuma ndikagona, ndipo tengani foni ija kapena mboniyo. Pemphani akuyezeni BP, shuga ndi chithokomiro, akuoneni mphuno ndi kukhosi. Akaona kuti n'kofunika akhoza kukutumizani kwa madokotala a makutu, mphuno ndi khosi monga a ku Gulupu ku Blantyre. Kuyeza kwenikweni kumachitika usiku munthu ali m'tulo, ndi zipangizo zowerenga mpweya, kugunda kwa mtima ndi okosijeni. Zipangizo zoterezi n'zosowa m'zipatala zathu, koma tilipo timakina tina tonga tija tinkavala kuchala nthawi ya Covid-19 timene timalemba okosijeni usiku wonse, ndipo timapatsa dokotala chithunzithunzi. Munthu wabwinobwino okosijeni amakhala pa 95 kupita m'mwamba. Wobanika kwambiri amatsika mpaka pansi pa 80.

Makina a CPAP

Chisanafike chaka cha 1980, wodwala kwambiri ankabooledwa pakhosi kuti mpweya uzilambalala malo otsekekawo. M'chaka chimenecho dokotala wina wa ku Sydney m'dziko la Australia, Colin Sullivan, anayesa nzeru ina: anatenga injini ya makina okokera fumbi m'nyumba, n'kuitembenuza kuti izipemerera mpweya, n'kulumikiza paipi kumphuno kwa wodwala. Mpweyawo unatsegula khosi ngati mmene pampu imafufumitsira chubu cha njinga. Mu 1981 analemba m'magazini ya The Lancet za odwala asanu amene anawathandiza motero. Ndiwo makina a CPAP amenewo, ndipo mpaka lero ndiwo chithandizo chodalirika kwambiri cha matenda apakatikati ndi aakulu.

Lero makinawa ndi aang'ono ngati wailesi, ndipo sasokosa. Munthu amavala kachigoba kumphuno pogona. Ambiri usiku woyamba womwe mkonono umatha, ndipo pakangopita masiku ochepa kusinza masana kumachepa. BP imatsika pang'ono, ndipo ngozi za pamsewu zimachepa.

Koma tinene zonse. Makinawa sachiza, amangogwira khosi usiku umene mwawavala. Mukawasiya, kubanika kumabwerera. Anthu ambiri amawavula pakati pa usiku chifukwa chachilendo kapena kuuma mphuno. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SAVE, wa anthu oposa 2,700 odwala mtima kapena amene anadwalapo sitiroko, anatuluka mu 2016. Anapeza kuti CPAP inachepetsa mkonono ndi kusinza, anthu n'kumamva bwino, koma sinachepetse imfa, sitiroko kapena matenda a mtima. Anthuwo ankavala makinawo maola atatu ndi pang'ono chabe pausiku. Phunziro lake ndi loti makina ovala theka la usiku amagwiranso ntchito yatheka, ndipo mankhwala a BP ndi shuga sasiyidwa chifukwa choti wagula makina.

Kwathu kuno pali mavuto enanso. Makinawa amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, zigoba ndi masefa ake zimatha n'kufuna zatsopano. Amafunanso magetsi usiku wonse, pomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo ife a m'tauni kuzimazima kwa magetsi tikukudziwa. Wogula CPAP aganizirenso za batire kapena sola.

Ndipo amalonda anzanga, makina awa si jekete la pakaunjika. Mphamvu ya mpweya imaikidwa molingana ndi munthu, ndipo woika ndi dokotala. Mu June 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ake mamiliyoni angapo chifukwa siponji ya m'kati yochepetsera phokoso inkatha kufumbutuka, munthu n'kumapuma tizidutswa take. M'bale wa ku Joni kapena ku UK akafuna kukutumizirani ogwiritsidwapo kale ntchito, ayambe wafufuza ngati sali m'gulu limenelo.

Komatu nzeru yotsegula njira ya mpweya ndi mpweya si yachilendo ku Malawi. Kuchipatala cha Gulupu, madokotala athu pamodzi ndi ophunzira a ku Rice University ya ku America anayesa makina otsika mtengo a ana akhanda ovutika kupuma, opangidwa ndi timapampu ta m'magalasi owetera nsomba. Pa kafukufuku wa mu 2012, makanda 71 pa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, poyerekeza ndi 44 mwa amene anangolandira okosijeni. Makinawa anapatsidwa dzina loti Pumani. A akuluakulu ndi osiyana, amafuna mpweya wambiri, koma funso kwa inu ophunzira zaumisiri ku MUBAS ndi ku MUST n'lakuti: ngati zinatheka kwa makanda, za makolo awo ziyembekezere ndani?

Njira zina za kuchipatala

Kwa amene matenda ndi ochepa kapena apakatikati, kapena amene CPAP yawakanika, pali kachipangizo kovala m'mano pogona kamene kamakankhira nsagwada ya pansi kutsogolo pang'ono, lilime n'kuchoka kukhosi. Sikafuna magetsi, kamalowa m'thumba la shati, choncho n'kabwino kwa woyendayenda. Koma kayenera kukonzedwa ndi dokotala wa mano molingana ndi m'kamwa mwa munthu, ndipo kamafuna mano olimba.

Opaleshoni nayo ilipo: kuwongola mphuno yokhota m'kati, kuchotsa minofu yotchinga kukhosi, kapena kusunthira nsagwada kutsogolo. Kwa akuluakulu zotsatira zake zimasiyanasiyana, ena amachira, ena mkonono umachepa koma kubanika kulipobe. Kwa ana nkhani ndi ina. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, wokodza pogona atakula, wosakhazikika m'kalasi, kawirikawiri vuto limakhala timinofu ta kukhosi ndi kuseri kwa mphuno totchedwa tonsils ndi adenoids tikakula mopitirira. Kutichotsa kumathandiza ana ambiri. Makolo ndi aphunzitsi, musanamukwapule mwana kuti ndi waulesi kapena wopulupudza, mumvetsereni akagona.

Kumaiko olemera apita patali. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza kachipangizo koika pansi pa khungu la pachifuwa kamene kamatakasa mtsempha wa lilime kuti lisagwere kukhosi. Mu December 2024 bungwe lomwelo linavomereza tirzepatide, jakisoni wa kamodzi pa sabata, kukhala mankhwala oyamba a matendawa kwa anthu onenepa kwambiri. Amagwira ntchito poondetsa munthu. Ndi odula kwabasi, ndipo pamene pali zodula akathyali sasowa: mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za jakisoni wachinyengo wa mankhwala ena a mtundu womwewu otchedwa semaglutide. Za majakisoni ndi tiyi woondetsa wogulitsidwa pa WhatsApp, talikiranani nazo.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Tsono tibwere ku zimene zili m'manja mwathu. Choyamba ndi thupi. Kwathu kuno munthu geni ikayamba kuyenda, mimba ikatuluka, timati bwana zikuwayendera. Akaonda timayamba kunong'onezana kuti akudwala. Maganizo amenewa akutipha. Mafuta sakhala pamimba pokha, amalowa m'khosi ndi m'lilime lomwe. Kafukufuku wa ku Wisconsin ku America amene anatuluka m'chaka cha 2000 anapeza kuti munthu akanenepa ndi magawo 10 pa 100 a kulemera kwake, kubanika kumakwera ndi magawo pafupifupi 32 pa 100, ndipo akaonda ndi magawo 10 kumatsika ndi pafupifupi 26. Munthu wa makilogalamu 100 akataya 10 okha, kubanika kumodzi mwa kunayi kulikonse kwachoka.

Makilogalamu 10 amenewo ali kuti? Ali m'masupuni anayi a shuga mu tiyi wa m'mawa, m'mandasi, m'chipisi cha pachiwaya masana alionse, m'zakumwa zozizilitsa kukhosi, m'kanyenya wa madzulo ndi m'mtanda wachinayi wa nsima ya 10 koloko usiku. Palibe akuti musiye nsima. Chepetsani mitanda, bwererani ku mgaiwa, ndipo theka la mbale likhale bonongwe, nkhwani, chisoso kapena mpiru, pambali pake nyemba kapena usipa. Zimenezi n'zotsika mtengo kuposa zimene mukudya panozi. Pang'onopang'ono ndi mtolo: theka la kilogalamu pa sabata ndi makilogalamu oposa 10 pa miyezi isanu ndi umodzi.

Chachiwiri ndi kuyenda. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Masewero olimbitsa thupi amachepetsa kubanika ngakhale sikelo isanayambe kusintha. Tsikani minibasi masiteji awiri musanafike, kabaza wa mtunda waufupi mumusiye apite.

Chachitatu, pepani abale, ndi mowa. Mowa umamasula minofu ya kukhosi kuposa mmene tulo timaimasulira, ndiponso umagonetsa ubongo kotero kuti umachedwa kumudzutsa munthu akabanika. Kubanika kumachuluka n'kutalikanso. Kaya ndi kachasu, kaya chibuku, kaya wa m'mabotolo wa mabwana, khosi silisiyanitsa. Wa matendawa bola kuusiya, ndipo ngati zavuta, pasakhale mowa maola anayi asanagone. N'chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa monga diazepam ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine, osamwa popanda kumuuza dokotala kuti mumabanika kutulo. Mukamapita ku opaleshoni iliyonse, auzeninso ogonetsa aja. Fodya naye amatupitsa m'mphuno ndi kukhosi, njira yopanikizika kale n'kupanikizikiratu.

Chachinayi ndi kagonedwe. Anthu ambiri amabanika kwambiri akagona chagada, chifukwa lilime limagwera kumbuyo. Kugona chammbali kumathandiza, koma munthu ali m'tulo amatembenuka osadziwa. Kunja amasokera mpira wa tenesi kumsana kwa malaya ogonera. Ife chitsononkho cha chimanga chikwana: telala asoke kathumba kumsana kwa tisheti yakale, muikemo chitsononkho, ndipo mukati mugone chagada chidzakubwezani chokha. Kukweza kumutu kwa bedi ndi njerwa kumathandizanso ena. Mphuno ikamatsekeka kawirikawiri ndi fumbi, utsi wa mbaula kapena chimfine chosatha, ipezereni chithandizo.

Minofu ya kukhosi nayo imalimba ikamagwiritsidwa ntchito. Ku Switzerland anayesa anthu 25, ena n'kuwaphunzitsa kuimba didgeridoo, chitoliro chachitali cha mtengo cha eni nthaka a ku Australia. Patatha miyezi inayi oimbawo kubanika ndi kusinza kunachepa, ndipo zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya British Medical Journal. Ku Brazil mu 2009 anapeza zofanana ndi masewero a lilime ndi kukhosi a tsiku ndi tsiku. Ndi zothandizira chabe, koma n'zaulere.

Chomaliza ndi nthawi yogona. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Wophunzira wochezera ndi khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, wa geni wogona 12 koloko n'kudzuka 4 koloko kukapikula katundu, ngati ali ndi matendawa akuthira mchere pachilonda. Khofi amabisa tulo, sabweza okosijeni amene anasowa usiku.

Tisanamizane

Pali chenjezo limodzi. Kuonda, kusiya mowa ndi kugona chammbali kukhoza kuthetsa matenda ochepa ndi kuchepetsa aakulu, koma munthu wobanika ka 50 pa ola akachotsapo gawo limodzi mwa anayi adakali wodwala kwambiri. Ndiponso alipo anthu oonda ngati bango amene amabanika chifukwa cha chibadwa cha nsagwada kapena kukhosi kwawo. Mkonono ukachepa sindiye kuti kubanika kwatha. Choncho zapakhomozi ziyende limodzi ndi chipatala. Ndipo ngati munasinzapo pachiwongolero, pa njinga yamoto kapena pamakina a chigayo, musadikire kuonda. Ikani makiyi pansi, pitani kuchipatala sabata ino.

Nawo akuluakulu a zaumoyo ali ndi mbali yawo. Mafunso 8 aja safuna ndalama zakunja, amafuna pepala ndi tepi ya telala. Chikuletsa n'chiyani kuti aliyense wobwera kusikelo ya BP kapena ya shuga azifunsidwa mafunso amenewa? Eni mabasi ndi malole amayang'ana matayala ndi mabuleki asananyamuke, bwanji osafunsa mmene dalaivala amagonera, n'kumuthandiza kupeza chithandizo m'malo momuchotsa ntchito? Dalaivala woopa kuchotsedwa ntchito amabisa matenda, ndipo wobisayo ndi amene akutinyamula.

Kwa inu amayi, abambo ndi ophunzira amene mumagona pafupi ndi munthu woliza mkonono, usiku uno musamugwedeze msanga. Tcherani khutu, ndipo phokoso likaduka werengani chamumtima. Mukafika pa 10 iye asanapume, ndipo zikabwerezabwereza, m'mawa mum'khazike pansi mumuuze. Akhoza kukwiya, koma mkwiyo wa tsiku limodzi sufanana ndi sitiroko. Ndipo inu ouzidwa, safunsa anadya phula. Amene wakuuzaniyo wachezera kumvetsera mpweya wanu, mumvereni.